Mwana, Mlezi Wace ndi Mphunzitsi wa Cinyanja

Pakati pa mitu imene mudzaphunzitsa m'makalasi oyamba pali umodzi wooneka wosabvuta, wakuti "Banja Lathu". Mphunzitsi amajambula pabolodi tate, mai ndi ana awiri, nalemba maina ao m'munsi, ndipo pambuyo pace amafunsa ana mmodzi-mmodzi kuti achule anthu a kwao. Koma tsiku limene mudzaima patsogolo pa kalasi lodzaza pa sukulu ya ku Northmead, momwe muli ana a m'nyumba zozungulira msika, ena ocokera ku Garden, ndi ena amene atsika minibasi mu Great East Road, mudzaona kuti cithunzi cija sicilingana ndi makomo ambiri. Wina akhala ndi ambuya ace. Wina anabwera caka catha kucokera ku Petauke kudzakhala kwa amalume. Winanso wangotuluka kumene m'nyumba yosungiramo ana, ndipo mai amene akumsunga tsopano anamuona koyamba miyezi itatu yapitayo. Kafukufuku wa boma wa ciwerengero ca anthu ndi umoyo wao wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse m'Zambia, pafupi-fupi 10 anafedwa kholo limodzi kapena onse awiri, ndipo pafupi-fupi 16 sanali kukhala ndi kholo lowabala ngakhale limodzi.

Phunziro la cilankhulo ndilo limafika pafupi ndi khomo la mwana kuposa maphunziro ena onse. Maina a abale, malonje, nthano ndi makalata zonse zimacokera kunyumba. Cifukwa cace m'pofunika kuti inu, musanagwire coko, mudziwe cimene cimamanga mwana kwa munthu womlera, cimene cimacitika ubale umenewu ukaduka, ndi mmene banja latsopano lingathandizidwire pakhomo pao pomwe kuti liumangenso. Munthu womlera mwana, kaya ndi mai wace, ambuya, azakhali kapena mlendo amene boma lampatsa mwanayo, tidzamucha mlezi.

Pothawira pa mwana

Yang'anitsitsani mwana wa caka cimodzi amene mai wace wamtsitsa kumsana kuti agulitse tomato pamsika. Amakwawa pang'ono, natola kacitsekero ka botolo, naceuka kuona ngati mai wace akali pomwepo. Akamuona amapitirira ulendo wace. Galu akauwa, kapena munthu wacilendo akamwerama, amabwerera msanga nagwira citenje. Akanyamulidwa amatonthola, ndipo posacedwa afunanso kutsika. Kupita ndi kubwerera kumeneku ndiko cizindikiro cakuti mwanayo ali ndi pothawira. Cifukwa adziwa kuti akaopa alipo womlandira, amalimba mtima kukafufuza zinthu zatsopano. M'mabuku a Cingelezi ubale umenewu umachedwa attachment.

Amene anayamba kuulongosola bwino ndi dokotala wa ku Britain, John Bowlby. Mu 1951 iye analembera bungwe la World Health Organization lipoti lonena za ana osowa makolo ndi nyumba, amene anaculuka ku Ulaya pambuyo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mfundo yace inali yakuti cakudya ndi zobvala sizikwanira; mwana wamng'ono afunika cikondi cosadukiza ca mai wace kapena ca munthu wina wokhazikika m'malo mwa maiyo. Ophunzira ena akamva izi amati ndi nzeru za Azungu zosakhudza ife. Koma umboni woyamba woonedwa ndi maso pakhomo unacokera mu Africa muno. Mu 1954 ndi 1955 Mary Ainsworth anayendera mabanja 26 a Aganda m'midzi ya pafupi ndi Kampala, kukhala pansi m'nyumba zao ndi kulemba zimene makanda ndi amai ao anali kucita. Buku lace la nchito imeneyi linatuluka mu 1967. Anaona kuti makanda okhazikika mtima anali aja amene amai ao anali kuzindikira msanga tanthauzo la kulira ndi kayendedwe ka mwana, nayankha moyenera. Anaonanso kuti ngakhale khanda linali kunyamulidwa ndi anthu angapo a pabanja, linali kudziwa ndithu amene ali pothawira pace.

Mfundo yotsirizayi njofunika kwa ife. Pa mwambo wa Acewa mng'ono kapena mkulu wa mai ndi mai ndithu, ndipo amalume ndiwo mwini mbumba. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kuleredwa ndi anthu ambiri sikuononga mwana. Comuononga ndico kusowa ngakhale mmodzi wokhazikika pakati pa ambiriwo. M'mudzi mwana wofedwa anali kusuntha mayadi ocepa kupita kunyumba ya munthu amene anamdziwa cibadwire. Mu Lusaka amakwezedwa basi kupita kwa wacibale amene sanamuonepo, wokhala m'cipinda cimodzi ca lendi, wocoka m'mawa kukafuna ndiwo ndi kubwera dzuwa litalowa. Matenda a Edzi m'zaka za m'ma 1990 anasiya ambuya ambiri ndi adzukulu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo ngakhale imfa zinacepa boma litayamba kugawa mankhwala a ARV kwaulere pakati pa 2004 ndi 2005, kusamutsa ana kucokera khomo ili kupita khomo lina sikunathe.

Mwana wosamutsidwa

Apa ndipo pagona bvuto limene alezi ambiri a mtima wabwino samalimvetsa. Mwana amene anataya pothawira pace safika kunyumba yatsopano ndi manja otambasula. Anaphunzira kale kuti kulira sikubweretsa munthu, kapena kuti munthu amene wamkonda amacoka. Motero akagwa nabvulala bondo, amadzuka yekha, natembenukira kukhoma. Mlezi akaona zimenezi amaganiza kuti mwanayu samfuna, ndipo nayenso amamleka. Mwana wina amacita zosiyana: amalira kosatha, ukamnyamula akukankha, ukamtsitsa akuwa. Mlezi amatopa, nakwiya, namkalipira. M'njira zonse ziwiri mwana amatsogolera mlezi kucita cinthu comwe cija cimene iye anali kuciopa. Pakapita miyezi mumamva mau akuti "ngwamwano", "ngwosayamika", "watengera mtima wa kwa atate ace". Akulu a banja amakhala pansi nagwirizana kuti akayesere kwa azakhali ku Kabwata. Kusamuka kulikonse kumatsimikizira mwanayo kuti anali kulondola posakhulupirira munthu.

M'kalasi mwanu zotsatira zace zidzaoneka m'njira zosiyana. Padzakhala wina wokutsatani kulikonse, amene tsiku laciwiri akuchani kale mai kapena tate, ndipo agwira dzanja la mlendo aliyense wolowa pageti. Padzakhala wobisa cakudya m'thumba ngakhale wakhuta. Padzakhala amene, mau akangobvuta kuwerenga, atseka buku osapempha thandizo, cifukwa kupempha thandizo nkumene anasiya kale. Ena amayamba ndeu belu lowerukira likayandikira. Koma cenjerani: njala, malungo, kusamva bwino m'khutu ndi kusowa tulo zimabweretsa makhalidwe ofanana ndi amenewa. Inu simuli dokotala, ndipo si nchito yanu kupatsa mwana dzina la matenda. Nchito yanu ndiyo kuona, kulemba zimene mwaona ndi masiku ace, ndi kufunsa.

Banja kapena nyumba yosungiramo ana?

Nyumba zosungiramo ana zapulumutsa miyoyo yambiri. Ya ku Kasisi, kum'mawa kwa Lusaka, yakhala ikulandira makanda kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Komabe pamene wanchito mmodzi asamalira makanda ambiri, ndipo anchito amasinthana usana ndi usiku, khanda silipeza nkhope imodzi yoti liidziwe. Ku Romania, kuyambira mu 2000, akatswiri anatsatira ana 136 a m'nyumba zotere mumzinda wa Bucharest. Theka la iwo anaikidwa m'mabanja owalera, ndipo theka linatsala. Oikidwa m'mabanja anapambana anzao pa nzeru, pa cilankhulo ndi pa kukhulupirira mlezi, makamaka aja amene anasamutsidwa asanakwanitse zaka 2. Mu 2009 bungwe la United Nations linabvomereza malangizo onena kuti ana osafika zaka 3 aleredwe m'banja, ndiponso kuti umphawi paokha usakhale cifukwa cocotsera mwana kwa makolo ace.

Kuno kwathu kalembera wa boma amene lipoti lace linatuluka mu 2017 anapeza ana oposa 6,000 m'nyumba zosungiramo ana, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi kholo kapena abale amoyo. Lamulo la ana la Children's Code Act, nambala 12 ya 2022, limene linalowa m'malo mwa Juveniles Act ndi malamulo ena akale, limatsata njira yomweyo: coyamba banja la mwanayo, likalephera abale, kenaka banja lina lomlera, ndipo nyumba yosungiramo ana ikhale yotsiriza. Njirayi njabwino, koma ili ndi cobisika. Kuika mwana m'banja ndi nchito ya tsiku limodzi. Ngati mlezi asiyidwa yekha ndi mwana wotembenukira kukhoma uja, pepala la ofesi silidzawagwirizanitsa.

Thandizo lofika pakhomo

Njira imene yaonetsa zipatso m'maiko angapo ndiyo yakuti munthu wophunzitsidwa aziyendera mlezi ndi mwana kunyumba kwao, mobwereza-bwereza, kwa masabata kapena miyezi. Cifukwa cocitira pakhomo ncacidziwikire. Pamsonkhano wa kukiliniki aliyense amabvomera ndi mutu. Koma kulira kwa mwana kumacitika pamene nsima ili pambaula, madzi atha, ndipo ana ena atatu akukangana pakhomo. Cizolowezi catsopano ciyenera kuyesedwa pamalo pomwe cidzagwirira nchito.

Ku America, Mary Dozier wa pa University of Delaware anakonza ndondomeko yochedwa Attachment and Biobehavioral Catch-up, ya maulendo 10, poyamba cifukwa ca makanda oikidwa m'mabanja owalera. Imaphunzitsa mlezi zinthu zitatu. Amtonthoze mwana akabvutika, ngakhale mwanayo aoneke ngati safuna. Atsate masewera a mwana m'malo momlamulira: mwana akagogoda mbale ndi cipande, mlezi agogode naye ndi kuchula cimene akucita. Ndipo aleke zoopseza, monga kukuwa, kutuzula maso, kapena kunena kuti "ndidzakubweza komwe unacokera". Coyenera kucizindikira ndi kacitidwe ka woyenderayo. Iye sanyamula mwana kuti aonetse luso lace. Amakhala pambali, ndipo mlezi akacita cinthu cabwino, ngakhale cacing'ono, amacichula nthawi yomweyo: "Mwaona? Atagwa mwamuitana ndi dzina lace, ndipo waceukira kwa inu." Mlezi amene wamva zolakwa zace zokha-zokha amayamba kuona kuti mwanayo amamfuna.

Wina anganene kuti zimenezi zifuna akatswiri a madigiri. Ku Khayelitsha, komboni yaikulu ya ku Cape Town, amai wamba a komweko anaphunzitsidwa kuyendera anzao kuyambira ali ndi pakati kufikira mwana atakwanitsa miyezi 6. Amai 449 analowa m'kafukufuku ameneyu, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2009. Pa msinkhu wa miyezi 18, ana 74 mwa 100 alionse a amai oyenderedwa anali okhazikika mtima pa amai ao, poyerekeza ndi 63 mwa osayenderedwa. Kusiyanaku sikwakukulu kodabwitsa, ndipo sitiyenera kukukulitsa. Koma kunapezeka m'nyumba za malata, pakati pa umphawi wofanana ndi wa m'makomboni athu. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, mu 1986 ndi 1987, anchito a zaumoyo anayamba kuyendera ana opinimbira sabata iriyonse kwa zaka 2, kuonetsa amai mmene angasewerere ndi kulankhula ndi ana ao pogwiritsa nchito zidole zopangidwa pakhomo. Patapita zaka 20, anawo anali kulandira malipiro oposa a anzao osayenderedwa ndi pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 4.

Mu Lusaka udindo woyang'anira mwana woikidwa m'banja uli m'manja mwa maofisala a cigawo ca Social Welfare, ca mu Unduna woona za citukuko ca anthu ndi cisamaliro cao. Iwo amathandizidwa ndi makomiti a anthu odzipereka a m'madera, ochedwa Community Welfare Assistance Committees, ndiponso ndi mipingo ndi mabungwe ena. Ndalama za Social Cash Transfer, zimene zinayambira ku Kalomo mu 2003, zimapeputsa katundu wa mabanja ena osauka, ndipo mlezi amene sada nkhawa ndi cakudya ca mawa amapeza mtima woleza. Koma maofisala ngocepa poyerekeza ndi ana ofuna thandizo, ndipo ana ambiri amasamutsidwa ndi abale popanda ofesi kudziwa konse. Wanchito wa boma amene amaona mwana wotere masiku 5 pa sabata ndinu.

Mbali yanu

Coyamba ncobvuta kucilandira kwa mphunzitsi wacifundo: inu simuli mlezi wa mwanayo. Caka cikatha adzapita ku kalasi lina, kapena inu mudzatumizidwa ku sukulu ina. Mukamlola kuika mtima wace wonse pa inu, kumpatsa mphatso zimene ambuya ace sangathe kugula, kapena kunyoza a kwao iye akumva, mukumkonzera kufedwa kwaciwiri. Khalani wokhazikika, wa mau amodzi, womlonjera ndi dzina m'mawa uliwonse, womuuza pasadakhale ngati mawa simudzabwera. Koma cikondi cace cilozeni kunyumba.

Maphunziro a Cinyanja amakupatsani njira zambiri zocitira zimenezi. Pa mutu wa banja musafunse kuti "Atate ako agwira nchito yanji?" Funsani kuti "Ukhala ndi yani? Amene amakudzutsa m'mawa ndani?" Pabolodi jambulani makomo osiyana-siyana, lina la ambuya ndi adzukulu, lina la amalume, lina la mai yekha, ndipo onse achedwe banja. Mau a cibale monga ambuya, mdzukulu, amalume, mphwa, azakhali ndi msuweni aphunzitsidwe ndi ulemu wofanana ndi wa mai ndi tate. Nchito ya kunyumba ikhale yotheka ngakhale kwa mlezi wosadziwa kuwerenga: mwana akapemphe nthano imodzi, mwambi umodzi, kapena tanthauzo la dzina la mudzi wa mlezi wace, adzasimbe m'kalasi. Ngati mleziyo alankhula Cibemba, Cinsenga kapena Citonga, nthanoyo ibwere m'cilankhulo cimeneco, ndipo kalasi liimasulire. Cimene mukufuna ndi mphindi khumi zija pamene wamkulu ndi mwana akhala pamodzi, wina kulankhula, wina kumvetsera. Pa nchito yolemba kalata, lolani mwana asankhe yekha womlembera. Akasankha mai wace amene anamwalira, musamletse, ndiponso musaiwerenge kalatayo pamaso pa anzace.

Ngati muona kuti m'pofunika kukaceza kunyumba, yambani mwauza mphunzitsi wamkulu ndi mphunzitsi wa uphungu, tumizani mau kwa mlezi, ndipo musapite nokha. Alezi ambiri amadziwa mphunzitsi ngati wobwera ndi mlandu. Odirani pakhomo, landirani mpando umene mwapatsidwa ngakhale uli njerwa, malizani malonje onse, ndipo yambani ndi cabwino: "Ambuya, dzulo mdzukulu wanu anatisimbira nthano ya Kalulu ndi Njobvu, kalasi lonse linaseka. Anati anaimva kwa inu." Pambuyo pace funsani: "Kodi akakhumudwa amacita bwanji pano pakhomo?" Akayankha kuti amangokhala cete kuseri kwa nyumba, mungathe kunena kuti ana ena amene anasamutsidwa amabisa kufuna kwao, ndipo kuti kungokhala naye pafupi pa nthawi yotere, osamfunsa zambiri, kumathandiza. Musaposere pamenepo tsiku loyamba. Ndipo musanene za mwana ngati kuti iye palibe. Ana otere amamva mau alionse.

Si khomo lirilonse limene liyenera kulimbikitsidwa. M'nyumba zina zazikulu za ku Woodlands ndi Kabulonga, monganso m'makomboni, muli ana ocokera kumudzi amene amachedwa "mwana wa mlongo wanga", koma amadzuka mbandakuca kukolopa, amadya paokha, ndipo amafika ku sukulu atatopa kale. Mukaona zipsera, mantha aakulu pa munthu wina wa pakhomo, kapena mwana akakuuzani za kugwiriridwa, nkhani imeneyo si yokambirana pa mpando wa malonje. Musamlonjeze mwana kuti mudzasunga cinsinsi. Dziwitsani mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo, kuti nkhani ifike ku ofesi ya Social Welfare kapena ku Victim Support Unit ya apolisi. Nambala ya lamya ya 116 njaulere, ndipo mwana kapena wamkulu angathe kuiimba. Kumbukiraninso kuti kukwapula ana ku sukulu kunaletsedwa ndi lamulo mu 2003, ndipo Education Act ya 2011 inabwerezanso ciletsoco. Simungauze mlezi kuti aleke kuopseza mwana pamene inu muli ndi kamkwapulo kuseri kwa kabati.

Musanapite kukayesera kuphunzitsa, tengani buku la Cinyanja la Giredi 1 kapena 2 limene lili m'laibulale ya koleji, muwerenge zithunzi zonse zoonetsa banja, ndi kuona kuti ndi zingati mwa izo zili ndi ambuya kapena amalume monga mwini khomo. Kenaka konzani phunziro la mphindi 30 pa mutu wa "Banja Lathu", poganizira kuti pa benci laciwiri pakhala mtsikana wa zaka 7 amene wakhala m'makomo atatu m'zaka ziwiri. Lembani mafunso onse amene mudzafunsa, m'mau eni-eni amene mudzawachula, ndipo muwerengere mnzanu kuti akuuzeni funso limene mtsikanayo sangathe kuliyankha.